Madzi a Nzimbe Amene Ndinkamwetsa Tomasi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kapena kuposerapo pang'ono, pamene mlongo wanga Tomasi anabadwa. Tinkakhala pa esiteti ina ya tiyi cha kwa Nchilamwela. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi, ndipo malo amene tinamangapo nyumba tinkawalipira ndi thukuta la thangata. Bambo anali atalowera ku Halale mimba ya Tomasi ili yaing'ono, osamvekanso. Choncho mayi atangotuluka m'chikuta, kapitawo anafika pakhomo kudzafunsa ngati nyumbayo tikuifunabe. M'mawa mwake mayi anatenga dengu.

Linali dzinja, tiyi akuphuka usana ndi usiku. Wothyola tiyi amabereka dengu, ndipo msana ndi umodzi, ndiye mlezi ndinali ine. Mayi anandilamula kuti ndizipita naye mwanayo kumunda kanayi pa tsiku kuti akayamwe. Kunena n'kosavuta! Munda umene ankathyolawo unali kuseri kwa chitunda, kuwoloka khwawa, ndipo njira yake ya dothi lofiira inkaterera ngati therere. Masabata awiri ndinayenda mokhulupirika, mvula ikundikwapula, matekenya atandidya zala. Ndinkati ndikafika kunyumba, ndisanaume n'komwe, Tomasi wayambanso kulira. Ndinkamukonda mlongo wangayo, koma masiku amenewo mawu ake ndinkadana nawo.

Tsiku lina ndikutafuna nzimbe pakhonde, ndinamudonthezera madzi ake m'kamwa ndi chala. Anapsipsa, n'kukhala chete. Ndinadziona ngati wanzeru kuposa akazi onse a pa esiteti. Kuyambira pamenepo ndinkafinyira nzimbe m'kachikho, kuthira madzi ofunda, n'kumamumwetsa pang'onopang'ono mpaka agone. Maulendo anayi aja anasanduka awiri, kenaka umodzi. Mayi akafunsa ndinkati anali m'tulo, ndinaopa kumudzutsa. Iwonso anali otopa moti sankafunsa kawiri, ndipo dengu lawo linkadzaza msanga.

Pasanapite nthawi mkaka wa mayi unayamba kuchepa. Madzulo Tomasi ankagwira bere, kukoka kawiri katatu, n'kulisiya. Mayi anayesa zonse zimene akazi ankadziwa. Anatafuna chinangwa chachiwisi mpaka nsagwada kuwawa, anapempha thobwa m'makomo, anadya chigwada chotendera, koma mabere anangokhala lende. Kuchitsime kunayamba manong'onong'o. Ena ankati mkaka unasasa ndi dzuwa la kumunda, ena ankati pali mwambo umene mayi anaulakwira ndipo mwana watsemphedwa. Mayi ankamva zonsezo n'kumatunga madzi atawerama. Liwombo la Tomasi linalowa, khungu la m'ntchafu linachita makwinya, ndipo nsalu yake inkakhala youma tsiku lonse. Ine ndinkangokondwa kuti zochapa zachepa komanso mwana wasiya kuvuta. Sizinandifike m'mutu kuti kachikho kanga kali ndi mlandu.

Anandigwira ndi amake Fulaye, oyandikana nawo nyumba, mayi wa pakamwa polasa amene ana tonse tinkawathawa. Sabata imeneyo anali pakhomo chifukwa anadzitema ndi khasu kuphazi. Ndinangoona chithunzithunzi chandiphimba, kachikho kali m'manja.

"Iwe Esitere, n'chiyani ukum'patsa mwanayo?"

"Madzi a nzimbe, kuti asalire."

"Lero wapita naye kangati kwa amako?"

Ndinayang'ana pansi. Anamutenga Tomasi, anamutsina khungu la pamimba, ndipo khungulo linatsala chiimire.

"Mayo ine! Anthu akumutukwana mayi wako kuchitsime, chonsecho mfiti ili pakhonde ikutafuna nzimbe. Bere n'chitsime, mwana iwe. Chikamatungidwa chimabwera madzi, mukachileka chimaphwa. Nyamuka!"

Anandikoka dzanja mpaka kumunda, akutsimphina ndi phazi lomanga sanza, akundilalatira m'Chinyanja, mawu akawathera n'kupitiriza m'Chilomwe. Mayi anamvetsera ali chiimire pakati pa mizere, masamba ali m'manja. Ndinkadikira khofi, ndipo ndinkalifuna ndithu. Iwo anangotula dengu, n'kukhala pansi m'matope, n'kumuika mwana kubere. Kenaka anandiyang'ana zala zanga zotupa zija.

"Unatopa eti?" anatero. "Inenso ndinatopa, n'chifukwa chake sindinkafunsa."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndodo. Ndinalira mpaka kusowa mpweya.

Kuyambira m'mawa mwake sindinatsalenso kunyumba. Ndinkakhala pansi pa mtengo m'mphepete mwa munda, nditafunda chiguduli, kuyambira kulira kwa belu mpaka kuweruka. Mayi akafika kumapeto kwa mzere uliwonse ankatula dengu n'kubwera, kaya mwana walira kaya ayi. Tomasi akakhala m'tulo tinkamudzutsa pomukanda kuphazi. Ankayamwa bere ili, kenaka linalo, n'kubwereranso loyamba, ngakhale mumatuluka timadontho chabe. Kapitawo anaopseza kuti sawalemba tikiti ya ntchito ya tsikulo chifukwa masamba akuchepa.

"Lembani kapena musalembe, akapitawo," anayankha mayi. "Tiyi aphukanso mawa. Uyu akapita saphuka."

Masiku ena analembadi, ena sanalembe, ndipo thangata lathu linatalika. Mkaka sunabwere tsiku limodzi. Panapita masabata a mvula ndi mphepo, mayi akuonda, ine ndikuwodzera chikhalire, tonse osadziwa ngati tachedwa kale. M'mawa wina ndikukwera chitunda ndinamva kutentha kukutsika mumsana mwanga, nsalu yonse n'kunyowa, kenaka Tomasi anakuwa mawu amene anadzidzimutsa ndi mbalame zomwe. Ndinathamanga kukawauza mayi kuti wandikodzera, ndikuseka ngati ndalandira mphatso.

Tomasi anakula, ngakhale anakhala wochepa thupi moyo wake wonse, ndipo sindinasiye kudzifunsa ngati ndinamuchepetsa ndine. Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu ndekha. Tsopano ndakalamba, ndimaona kuti katundu uja anali wolemera kwa mwana wa msinkhu umenewo, ndi kwa mayi anga omwe, koma khanda silingadikire kuti akulu apume kaye. Apongozi anga ndi zidzukulu amati ndine nkhalamba yovuta, chifukwa ndikafika pakhomo pamene pabadwa mwana n'kumva akumuyamikira kuti ndi wofatsa, amagona tsiku lonse osavuta, sindikhala pansi. Ndimapita kumene wagona, ndimamukanda kuphazi mpaka alire, n'kumupereka kwa amake.