Muwanga wa a Fulansisi

Munthu akatsika minibasi pamsewu wa ku Chipangali n'kuyamba wapansi kulowera kumudzi kwa a Rosina Sakala, sapeza mthunzi mpaka atafika pamunda pawo. Phiri la kuseri kwa mudziwo linametedwa mpala kalekale. Mitengo ina inathera kuumitsira fodya, ina inakwera njinga itasanduka makala n'kukathera m'mbaula za ku Chipata. Munda wa a Rosina wokha ndiwo umaoneka wobiriwira ngakhale dzuwa la mu Okutobala litakwiya.

A Rosina ndi mlimi wa nshawa, zimene ena amati mtedza. Ogula a kumsika amawakonda chifukwa pansi pa thumba lawo sipakhala miyala. Amuna awo anamwalira kale, ndipo mwana wawo Jesca anakwatiwa ku Mwami. Pakhomo anatsala ndi atate awo, a Fulansisi, amene miyendo inayamba kuwakana.

Chaka china bungwe losamalira zachilengedwe linkafuna anthu odzipereka, ndipo a kumpingo anatchula a Rosina poti saopa kuima pamaso pa anthu. Anakaphunzira ku Chipata. Anabwerako ndi sikipa yobiriwira, kasowo kodulira nthambi, ndi nzeru imodzi imene inawakhala pamtima: chitsa si mtengo wakufa. Ukasiya kuchitentha chimaphukira. Umasankha mphukira zolimba, zinazo n'kudula, ndipo mtengo umabwerera wokha popanda kugula mbande. Malipiro panalibe. Ntchito yawo inali kuphunzitsa ana a sukulu Lachisanu lililonse ndi kuyenda m'midzi kuuza anthu zomwezo.

Akuluakulu ankamvetsera, n'kuwomba m'manja, n'kukatentha minda yawo monga kale. A Rosina anayambira m'munda mwawo. Zaka zitapita, zitsa zija zinasanduka misuku, mitondo ndi mombo. Pakati pake panaima muwanga waukulu umene a Fulansisi anausiya pamene ankatsegula mundawo ali mnyamata. Mundawo ndiwo unakhala kalasi. Mwana wokayika ankangouzidwa kuti, “Gwira khungwali, kale chinali chitsa.”

Vuto linabwera pa ngolo.

Maliro amadya nkhuni. Anthu amagona panja, amafuna moto wa zipika, ndipo ophika amasonkhezera tsiku lonse. Kale adzukulu, amuna amene amakumba manda ndi kuyendetsa ntchito za pamaliro, ankangokwera phiri. Phiri litatha, maso awo anatembenukira kwa a Rosina. Poyamba sizinavute. Nthambi zonse zimene ankadulira ankaziunjika kuseri kwa nkhokwe, ndipo ngolo ikabwera ankapereka mokondwa, n'kuwonjezapo kaulaliki: “Mwaona phindu la zitsa?” Koma m'nyengo yozizira ya chaka chatha maliro anatsatizana, ndipo mulu uja unatha.

M'mawa wina ngolo inaimanso pakhomo. Anatsika ndi a Paison, mkulu wa adzukulu, amene anakwatira msuweni wa a Rosina. Nkhwangwa inali paphewa.

“Odi kuno kwa a boma!”

“Alamu, boma lovala patapata munaliona kuti?” anayankha a Rosina.

“Tabwera kunkhalango kwanu. A Irene atisiya m'bandakucha.”

A Rosina anakhala pansi pakhonde. A Irene ndi amene anagona nawo m'nyumba mwezi wathunthu amuna awo atamwalira.

“Nthambi zinatha, alamu. Zomaliza munatenga nokha.”

“Ndani wanena za nthambi? Kuzizira kumeneku anthu aothe totokosera m'mano? Tabwerera mtondo wa kumalire uja. Ndi wa a Irene umenewo.”

“Wa a Irene bwanji?”

A Paison anaseka mpaka kutsokomola. “Simunamve? Tinagawa kale kumanda tikupumira khasu. Nkhalamba iliyonse m'mudzi muno ili ndi mtengo wake m'munda mwanu. Muwanga ndi wa atate anuwo, palibe angaulimbirane. Inunso tinakusungirani msuku wokhota uja, poti mumafanana.”

A Rosina sanaseke. Anaona munda wawo wonse utagona pansi, mtengo ndi mtengo, maliro ndi maliro. Lachisanu ana adzagwira chiyani? Ndipo munthu amene amayenda m'midzi kuletsa anzake kudula angaime bwanji pamaso pawo nkhwangwa ikulira kwawo?

“Tengani mapesi ndi zitsononkho,” anatero. “Zili zambiri kunkhokwe. Mtengo wamoyo ayi.”

Nthabwala zinachoka pankhope ya a Paison. “Tamva, amake Jesca. Munda ndi wanu. Koma sindinaonepo mtondo utagwira khasu kumanda.” Anakweza mapesi aja n'kutembenuza ng'ombe pang'onopang'ono, kuti mudzi wonse uone chimene ngolo yanyamula.

Masana a Rosina anamanga chitenje n'kupita kusiwa. Palibe anawathamangitsa. Kungoti pamkeka panalibe amene anasuntha, ndipo atapita kophikira kuti akathandize, mthiko uliwonse unali ndi mwini wake. Mapesi ankayaka ngati pepala n'kuzima, utsi uli tolo. Mayi wina akupukuta misozi anati, osayang'ana munthu, “Utsi umenewu ndi wa maphunziro, anzanga. Pumani bwino mukhale anzeru.” Ena anaseka chamumtima.

A Rosina anaima pambali ngati mlendo. Anaganiza zoimbira foni a kubungwe, koma akanawauza chiyani? Ku Chipata anawaphunzitsa kuyankha wootcha makala, wosaka mbewa ndi moto, ngakhale mlimi wa fodya. Za maliro palibe anatchulapo.

Atabwerera kunyumba anapeza a Fulansisi atadzikokera pakhomo, bulangeti lili m'mapewa. Anali atamva zonse m'mawa muja.

“Rosina, khala apa.”

“Ndabwera, atate.”

“Ine imfa sindiiopa. Ndakhuta masiku. Chimene ndikuopa ndi kugona m'nyumba muno iwe uli wekha panja, anthu akudutsa pamsewu ngati pafa nkhuku. Udzandinyamula ndi ndani? Ndi ana a sukulu?”

“Koma atate, ndikalola lero, mawa ndikana bwanji?”

“Sudzakana,” anatero mkuluyo. “Maliro n'kulirana, mwana wanga. Mitengoyo unaibweza ndiwe, zoona. Koma manda ako sudzakumba wekha.”

A Rosina anaimirira. Kenako analowa m'nyumba, anavala sikipa yobiriwira ija, n'kubwerera kusiwa kukaitana a Paison pamaso pa anthu onse.

“Tiyeni mukatenge mtondo wa a Irene. Koma mudula mmene ndinene ine.”

“Boma lamva kulira kwa anthu!” anafuula a Paison, ndipo amuna anayi anadzuka.

Kumunda a Rosina anagwada n'kulemba mzere pakhungwa ndi mpeni, pafupi ndi nthaka, mopendekeka kuti madzi a mvula asadzaime pachitsa. Analetsa kusenda khungwa la m'munsi. Anawauza kuti akatha atchingire chitsacho ndi minga chifukwa cha mbuzi.

“Alamu, ife tabwera kudzadula mtengo, osati kudzachita opaleshoni,” anadandaula a Paison, koma anadula pamzere pomwepo.

Mtondo utagwa, kumalire kunatseguka dzenje la kuwala, ndipo a Rosina anayang'ana kumbali. Madzulo ake, atafikanso kusiwa, mayi wa utsi uja ndi amene anasuntha pamkeka. “Khalani apa, amake Jesca, pali potentha.”

Kuyambira pamenepo ngolo yabweranso kangapo. A Rosina sakananso. Amalemba mzere, amatchinga ndi minga, ndipo Lachisanu amaimika ana pa zitsa zatsopanozo kuwaonetsa mphukira. Mtondo wa a Irene waphukira bwino, wafika m'chiuno. Koma a Rosina ndi munthu wa kumsika, amadziwa kuti katundu akamatuluka msanga kuposa mmene akulowera, tsiku lina tebulo limayera. Mtengo umatenga zaka kuti ukhale chipika, pamene nkhalamba imangofuna chifuwa cha sabata limodzi. Anapempha mabanja kuti aliyense asunge zitsa m'munda mwake. Awiri okha ndi amene ayamba. Enawo amati, “Tivutikirenji, poti zathu zili kwa a Rosina?”

Masiku ano palibe munthu m'mudzimo amene amasamala za moyo wa okalamba kuposa iwo. Akamva kuti gogo wina akutsokomola, amafika ndi mandimu m'bandakucha, ndipo akaona kuti sizikusintha amamukweza panjinga mpaka kuchipatala. A Paison amati a Rosina asanduka namwino wa mitengo.

Mwezi watha a Fulansisi anapempha kuti awatengere kumunda. A Rosina anawakankha pa wilibala mpaka pansi pa muwanga. Mkuluyo anasisita khungwa lake, n'kuyang'ana kumwamba kumene nthambi zinatambalala.

“Uwu ufunditsa anthu mpaka tsiku loika maliro anga,” anatero mokhutira. “Mzere udzalembe wekha. Paison ali ndi dzanja lokhota.”

“Ndidzalemba, atate,” anayankha a Rosina. Anawakonzera bulangeti pakhosi, poti kamphepo kanali katayamba, n'kutembenuza wilibala msanga kubwerera kunyumba.