Chaka Chimene Amayi Analetsedwa Kuthira Mchere

Kachitini ka mchere ka amayi kali m'nyumba mwanga tsopano. Ndinakatenga titawaika m'manda, mvula yoyamba itangogwa. Kanali ka mkaka waufa, tinabwera nako kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, ndipo chivundikiro chake chimatseguka ndi mpeni basi chifukwa cha dzimbiri.

Zimene ndikunenazi zinachitika ndili mwana, dzinja lachiwiri chibwerereni kumudzi kwathu, kufupi ndi Mualadzi. Abambo anatsala ku Zambia pa famu ya fodya. Pakhomo tinalipo amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono amene anali atangosiya kuyamwa. Chimanga tinakolola chochepa, koma mtedza unabereka. Amayi ankausenza kukaugulitsa ku Cassacatiza, kumalire kumene kumaima malole, nkubwerako patapita masiku atatenga mchere ndi sopo, ulendo wina bulangete. Ife tinkamwa phala la ufa woyera, lopanda kanthu.

Mwanayo anayamba kutupa mapazi. Ukadina ndi chala pankatsala kadzenje kosafuna kubwerera. Kenako masaya anafufuma, tsitsi nkufiira ngati ndevu za chimanga. Sankalira mokweza. Ankangobuula ngati kamwana ka mbuzi kali kutali.

Amalume, achimwene awo a amayi, atamuona anati, “Uyu watsemphedwa.” Kwathu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina nkudzathira mchere m'ndiwo, mwana amatupa. Ku Cassacatiza kuli amuna a malole, ndiye zotsalazo anthu anamalizitsa okha. Amalume anatenga kachitini kaja pamaso pa amayi nkundipatsa ine.

“Kuyambira lero wothira mchere ndi uyu.”

Mkazi aliyense amaitana mwana kudzamuthirira mchere masiku ake apamwezi, ndipo palibe amene amacheuka. Koma kwathu zinali tsiku lililonse. Mphika ukabwata amayi ankaitana chapansipansi, “Bwera udzandithirire,” koma mipanda yathu inali ya udzu, mawu ankadutsa. Kuchitsime atsikana anzanga ankandifunsa, “Wathira kale, kapena amako akudikira lole?” Popita kutchalitchi ndinkanamizira kuchotsa munga kuphazi kuti amayi atsogole okha. Ngakhale fungo la sopo uja linkandichititsa manyazi pathupi panga.

Kutupa kutafika m'manja, amayi anabereka mwana kupita kuchipatala cha ku Mualadzi. Amalume anatsatira akukankha njinga, ine pambuyo pawo. Namwino, amene kwathu timati enfermera, anali mayi wamfupi wa mawu okhuthala. Anadina phazi la mwana, nkumvetsera zonena za amalume mpaka kumapeto. Kenako anatenga mango osapsa amene anali pazenera, nkudulapo kapande, nkuwazapo mchere. Tinadikira. Kapande kouma kaja kanayamba kuchita thukuta, madontho nkutsikira pa mbale.

“Ndani waboola?” anatero. “Palibe. Mangowa ndi timatumba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, thupi lanu chimodzimodzi. Kachikopa ka timatumbato kamalola madzi kudutsa, zina kamazitsekera. Ndipo madzi amathamangira mbali imene kwachuluka zinthu.”

Anapitiriza kuti m'magazi mulinso zimene zimakoka madzi ndi kuwasunga m'mitsempha, monga mchere uja unakokera madzi a mango. Zimenezo zimachokera ku nyemba, mazira, nsomba, mtedza. Mwana akamangomwa phala loyera, magazi amasuluka, amalephera kugwira madzi ake, madziwo nkutayikira m'mapazi ndi m'masaya.

Mbali yachiwiriyi ndinaimva ndi makutu okha. Maso anga anali pa mbale. Titatuluka amalume anayang'ana amayi nkunena kuti, “Mwadzionera nokha, achemwali. Ngakhale achipatala akuti mchere.” Inenso ndinaganiza choncho. Ndinali nditaona mchere ukutulutsa madzi, ndiye ndikanafunsanso chiyani?

Amayi sanayankhe. Ndinaona kuti pamene namwino anatchula mtedza anagwira pakamwa, koma ndinayesa kuti ndi manyazi a munthu wogwidwa. Titafika kunyumba amayi anakutumula thumba lonse la mtedza. Munatsala timaso tochepa tosakwana m'manja awiri. Anatisinja, nkupita kukapempha dzira khomo ndi khomo, m'mudzi womwewo umene unkawaseka. Mwanayo ankangotembenuza mutu supuni ikafika. Anamwalira chimanga chisanayambe kuotchedwa.

Abambo anafika maliro atatha. Anakhala ndi amalume pansi pa mtengo, mawa lake nkubwerera ku Zambia. Sitinawaonenso.

Mawu a namwino uja anadzandibwerera ndili ndi mwana wanga woyamba, kusikelo akutiphunzitsa kuthira nsinjiro m'phala. Pamenepo ndinamvetsa. Mchere wa m'kachitini kaja unali mtedza wa mlongo wanga. Amayi anazindikira zimenezi tsiku lomwelo la mango, ndipo mlandu umene anadzipatsa okha unawalemera kuposa umene anawanamizira. Nchifukwa chake sanadziteteze. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma apa palibe amene angandiuze zina.

Sanathirenso mchere moyo wawo wonse. Atakalamba ankakhala kwa ine, ndipo ndikawasiyira mphika ankaitana mdzukulu. Tsiku lina ndinawaikira kachitini m'manja ndi kunena kuti, “Thirani, amayi, palibe chimene munalakwa.” Anakayang'ana, nkundibwezera.

“Dzanja linaiwala muyeso,” anatero.

Mwana amene ankachotsa munga wabodza panjira ya kutchalitchi sakanadziwa kuti munthu angakhale chete chifukwa cha chisoni. Ankadziwa chete wa wakuba yekha.

Ndimalima mtedza chaka chilichonse. Sindigulitsa mpaka nditapatula thumba la ana, ndipo phala la adzukulu anga ndimathiramo nsinjiro ndekha.