Funso la Mkazi wa Tenanti

Ndinali nditangotha zaka zitatu pa ubusa pamene ananditumiza ku kampingo kena kuseri kwa Mitundu. Akhristu anga ambiri anali matenanti a m'maesiteti a fodya, ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje. Lamulungu lililonse mabenchi akumbuyo ankakhala opanda munthu, ndipo zimenezi zinkandidya mumtima kuposa mmene ndinkavomerezera.

Chaka china fodya atagulitsidwa, akulu a mpingo anandiuza za mlaliki wina wa ku Nathenje amene ankakoka anthu. Anapempha kuti timuitane ku chitsitsimutso cha masiku atatu. Ndinali ndisanamumvepo akulalikira, koma ndinavomera.

Anabwera ndi zokuzira mawu pa njinga yamoto. Tchalitchi chinadzaza, ena n'kumasuzumira pa mawindo. Tsiku lachitatu masana anaika beseni patsogolo pa guwa.

"Aliyense amene akumwa mankhwala akuuza Mulungu kuti walephera," anatero. "Bweretsani mapilitsi anu muno."

Ine ndinali pampando kumbuyo kwake, nditavala jekete yanga yakuda. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti limeneli ndi bodza. Koma ndinayang'ana khamu lija, ndinaganiza za akulu a mpingo amene akanati ndachita nsanje, ndipo ndinakhala chete. Anthu ankati akandiona ndili phee, ankadzuka kupita ku beseni.

Mmodzi wa iwo anali bambo wina wa ku Phalombe, woimba besi mu kwaya. Anali ndi matenda akugwa, ndipo kwa zaka zambiri mapilitsi a kuchipatala ankamusunga bwino.

Lolemba m'mawa mkazi wake anandipeza ndikupopa njinga pakhonde. Anagwada chapatali.

"Abusa, bambo a kunyumba aja ataya mapilitsi awo. Ndikawatengere ena kuchipatala, kapena ndikhala ndikulimbana ndi Mulungu?"

"Mayi, chikhulupiriro ndi nkhani ya munthu ndi Mulungu wake," ndinayankha.

"Ndiye mukuti ndisakatenge?"

"Sindinatero."

"Mukuti ndikatenge?"

"Tiyeni tizipemphera, mayi."

Anadikira pang'ono, akundiyang'ana, ngati mwina ndiwonjezera mawu ena. Ine ndinapitiriza kupopa tayala lomwe linali litakhuta kale. Kenaka anathokoza n'kumapita.

Kwa milungu ingapo mwamunayo sanagwe. Anaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti wachira, anthu anaimba nthungululu, inenso ndinawomba m'manja. Ndinayamba kudziuza kuti mwina wolakwa ndinali ine.

Nyengo ya nazale itafika, tsiku lina anapita yekha kudambo kukathirira mbande za fodya. Matenda anamugwira akutunga madzi pachitsime. Chitsimecho chinali chosazama, madzi ake olekeza m'chiuno. Tenanti mnzake anamupeza dzuwa lili paliwombo, atafa kale.

Kwawo kunali kutali, choncho anthu a m'mudzi woyandikana ndi esiteti anapereka malo kumanda kwawo. Ndinalalikira ine pamaliropo. Sindikumbuka zomwe ndinanena. Chomwe ndikukumbuka n'chakuti titabwera kumanda mayi uja anandigwira dzanja ndi manja ake awiri, nati, "Zikomo abusa, mwatiyikira bwino maliro." Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko.

Patatha masiku awiri ndinapita ku Nathenje. Mlaliki uja ndinamupeza pafupi ndi pokwerera maminibasi, akukonzetsa njinga yake. Ndinamufotokozera zonse.

"Chikhulupiriro chake chinachepa," anatero mosatekeseka.

"Mwapha munthu," ndinamuuza.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Abusa, inu munali pompo. Nkhosazo ndi zanu, si zanga. Ngati ndinalakwitsa, munalekeranji kundiletsa?"

Ndinabwerera ku Mitundu ndisanadye kanthu.

Lamulungu lotsatira sindinatsegule ndime yomwe ndinakonza. Ndinauza mpingo kuti chiphunzitso chija chinali chonama, kuti ndinadziwa kuyambira tsiku lomwelo, ndipo ndinakhala chete chifukwa ndinkakondwa kuona tchalitchi chodzaza. Ndinapempha aliyense amene anataya mankhwala kuti m'mawa mwake abwerere kuchipatala, ndipo ena ndinawaperekeza ndekha. Akulu a mpingo awiri anakwiya n'kuchoka ndi mabanja awo. Gogo wina wa matenda a shuga anakana mpaka ana ake anachita kumunyamula.

Mayi wamasiye uja sanamve mawu amenewa. Mwini esiteti anali atapereka kale nyumba yawo kwa tenanti wina, ndipo iye ndi ana ake atatu anakwera lole ya ku Phalombe Lachisanu. Ndinafunsa mudzi wa kwawo kwa anzake onse, koma aliyense ankatchula dzina losiyana. Kawiri ndinapitako pa tchuthi, n'kumafunsa m'misika ndi m'matchalitchi. Sindinamupeze, ndipo mpaka lero sadziwa kuti m'mawa uja ndinali nalo yankho.