Nkhuku zotchipa za pa Khirisimasi

Chaka chimenecho malaiti ankazima tsiku lonse, ndipo mvula inali itadzaza ngalande za m'Chawama. Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane, butchala ina ya kufupi ndi siteshoni ya mabasi inayamba kulengeza pa sipika kuti nkhuku ziwiri zikupita pa mtengo wa imodzi.

Amene anadzandiuza ndi baneba, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, wa ana anayi, amene tinkatunga nawo madzi pa mpopi umodzi.

"Baneba, tiyeni! Vizasila ivi!" anatero, kuopa kuti nkhukuzo zitha.

Tinapeza mzere utafika kale mumsewu, anthu ataima m'matope. Chitseko cha butchalayo chinali chotseka. Ankagulitsira pa windo, nkhuku zitamangidwa kale m'mapulasitiki akuda, ndipo sankalola munthu kusankha. Fungo la kolorini linkaluma m'mphuno, koma kunsi kwake kunali kafungo kena kamene ntchentche zinkakadziwa bwino.

Mtsikana wina wogwira ntchito mmenemo anatuluka kudzakolopa madzi ofiirira amene ankadutsa pansi pa chitseko. Tinkaimba naye kwaya kutchalitchi. Atandiona anasendera pafupi, maso ali pansi.

"Ba sisi, osagula," ananong'ona. "Jenereta inafa pa Sondo. Tavisuka chabe na kolorini."

Mwini butchala anasuzumira pa windo, mtsikanayo n'kulowa msanga.

Ndinawakokera baneba pambali n'kuwauza. Anafumbata ndalama zawo.

"Bana banga nyama banaiona liti?" anatero. "Nizaphika maningi. Moto upaya vonse."

Anagula zinayi. Ine ndinayang'ana mzere wonse uja, azimayi obereka ana, madala okankha njinga. Ndikanatha kufuula, koma ndinaopa kumuchotsetsa ntchito mnzangayo. Ndinatuluka mumzere mwakachetechete, n'kukagula tinsomba ta kapenta pamsika. Kunyumba amuna anga anangoti, "Khirisimasi ya kapenta?"

Tsiku la chikondwerero fungo la nkhuku yokazinga linadzaza komboni yonse. Baneba anatitumizira mbale ya ntchafu ziwiri. Ndinathokoza, kenako ndinakazitaya m'chimbudzi ana anga asanazione.

M'mawa mwake sikunamveke wailesi ngakhale imodzi. Zitseko za zimbudzi zokha ndi zimene zinkalira. Cha m'ma teni baneba anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Mwana wawo wamng'ono, wa zaka zitatu, anali atalefuka, maso atalowa, milomo itauma. Iwonso sankatha kuima bwinobwino. Ndinamubereka ine mwanayo, tinayenda m'madzi mpaka kukiliniki.

Pa mabenchi panali nkhope zambiri za mumzere uja. Ena anagona pansi pa simenti. Nesi ankafunsa aliyense chimene wadya, ndipo atamva yankho lomwelo kangapo anasiya kufunsa.

Mwanayo anamuika diripi, anachira patapita masiku anayi. Mdala wina wosoka nsapato, amene anaima patsogolo pathu tsiku lija, sanabwerere kwawo. Pamaliro pake anthu ankati ndi madzi a mvula, ena ankati ndi ukalamba. Ine ndinaphika nawo kumaliroko, pakamwa pali chete.

Tikuchokera kumanda, baneba anandigwira dzanja, natsalira nane m'mbuyo.

"Osabauza batate bake ba mwana uja kuti munaniuza," anatero.

Sindinawauze. Tinakhala moyandikana zaka zina zitatu mpaka iwo anasamukira ku Kanyama, ndipo nkhaniyi sitinaitchulenso.