Thanki yosapuma

Mgodi utatsekedwa ndinakhala miyezi ingapo pakhonde kwathu ku Bwacha, mu Kabwe, ntchito kukalipira nkhuku. Ndinali wowotcherera zitsulo, wa mabaila, matanki aja a nthunzi, ndi mapaipi a mpweya, ndipo zaka zonse zimene ndinagwira kumeneko palibe msoko wanga umene kapitawo anaubweza. Bambo anga anachoka ku Katete kudzagwira za njanji, ine ndinalowa za mgodi, ndikuganiza kuti ndidzatulukamo ndi imvi. Ndinatulukamo ndi kalata, makina owotcherera akale amene ndinagula akugulitsa katundu wa mgodi, ndi mkwiyo wosowa poutula.

Amene anayamba kutopa nane ndi mayi a ana.

"Atate ake ana, pitani kwa alamu anu mukaone zochita. Pano mutitha ndi pakamwa."

Mlamu wangayo anakwatira mlongo wanga wamng'ono. Ndi Mbemba, wamfupi, woseka ndi mano onse. Nyumba anali nayo ku Nakoli, bwato la injini pa damu la Mulungushi. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya: akhoza kukunyoza ngakhale pamaliro, iwe mwambo umati uziseka basi. Kwa munthu wa mtima wapachala ngati ine, chimbuya ndi chilango.

Ndinamupeza akusoka ukonde pabwalo.

"Aa, odya mbewa afika! Zasila mbewa ku mgodi, ba mulamu?"

"Ndabwera kudzaona ngati inu odya anyani mwasiyako mmodzi m'mitengo."

Titamaliza zimenezo ndinamuuza mosazungulira kuti ndikufuna malo m'bwato. Anasiya kuseka. Anati manja ali nawo okwanira, chimene chikumusowa ndi mtunda. Nsomba zinali kumtunda kwa damu, kumene mtsinje umalowera, koma kathanki kake ka petulo kanali kothera panjira. Ankanyamula petulo wina m'zigubu n'kumathira bwato likuvina pa mafunde, mpaka tsiku lina chigubu chinagwera pa nsomba, ndipo azimayi a pamsika atanunkhiza anamubwezera dengu lonse.

"Munipangire thanki yotifikitsa kuja na kubwerako," anatero. "Ikachita zimenezo, malo yanu yalipo. Ikakanga, mubwerere ku khonde."

Anandionetsa kathanki kakaleko. Kofiira, kopindikapindika, pa chivundikiro pali kabowo kotulutsa fungo la petulo. Ndinati amene anapanga chinthu ichi anayenera kumangidwa.

Masiku amenewo ogulitsa zitsulo zakale mu Kabwe anali atadzaza mabwalo awo ndi za kumgodi. Ndinasankha chitsulo chabwino, chokhuthala. Muyeso ndinali nditatenga ndi chingwe pansi pa mpando wa kumbuyo kwa bwato, ndipo ndinaona kuti pangalowe thanki yoposa yakaleyo katatu. Mkati ndinaikamo zigawo ziwiri kuti petulo asamathamangire mbali imodzi bwato likapendeka. Chivundikiro ndinapanga cha mkuwa, cha mazinga ngati a bauti, ndi labala amene ndinadula ku lamba wakale wonyamula miyala. Sabata imeneyo palibe amene ndinamukalipira. Mayi a ana ankayenda monyang'ama pozungulira nyumba, kuopa kudzutsa mkwiyo uja.

Nditamaliza ndinaiyesa monga tinkachitira kuntchito. Ndinapopamo mpweya ndi pampu ya njinga, n'kupaka thovu la sopo pa msoko uliwonse. Panalibe ngakhale kathovu kamodzi kofufuma. Anzanga awiri amene tinachotsedwa limodzi anabwera kudzaona, akuigogoda ndi zala, akugwedeza mitu.

"Iyi," anatero mmodzi, "ngakhale mzimu ukalowamo sungatuluke."

Ndinayenda motukumuka tsiku lonse.

Tinaikweza pa lole ya makala yopita chakudamu. Dzuwa likukwera ndinali nditaimanga kale ndi mabauti, nditalumikiza paipi ya ku injini, asodzi ena ataima mozungulira manja kumbuyo. Tinathira petulo mpaka pakamwa. Chivundikiro ndinamanga ndekha ndi sipanala, mwamphamvu. Mlamu anakoka chingwe, injini inalira, tinanyamuka awiriwiri.

Ine ndinali ndisanayendepo pa bwato chibadwire, koma ndinakhala pamwamba pa thanki yanga ngati bwana wa sitima. Mlamu anandilozera chimtengo chouma chili m'madzi patali.

"Paja ndiye pamene kaja kakale kanali kufera."

Sitinafikepo. Injini inayamba kutsokomola, inabuula, n'kuzima. Kunangoti zii, madzi okha akumenya m'mbali.

Anakoka chingwe. Inalira pang'ono, n'kuzimanso.

Ndinayamba ndi pulagi. Ndinatukwana pulagi, ndinatukwana wogulitsa petulo kuti wasakaniza ndi palafini, ndinatukwana amene anapanga injiniyo kulikonse kumene ali, pamodzi ndi amene anagulitsa mgodi. Mlamu anangowerama pafupi ndi injini. Anali atagwira kampira kofinya kamene kamakhala pa paipi ya petulo. Kanali kataphwa, kataphwatalala ngati chubu chobooka.

"Ba mulamu, tsegulani tione ngati petulo ilimo."

"Alimo! Ukuganiza wadutsa pati? Pa msoko wanga?"

"Tsegulani chabe."

Chivundikiro chinalimba kuposa mmene ndinachimangira. Ndinakanikiza sipanala ndi bondo. Chitangosuntha, thanki inati fyuuu, kukoka mpweya ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Kampira kaja kanafufuma tikuona. Mlamu anakafinya kawiri, anakoka chingwe, injini inalira bwinobwino ngati sinachimwepo.

Kenaka anagona chagada pa ukonde, miyendo m'mwamba, akuseka mpaka misozi.

"Mayo ine! Thanki yanu siipuma, ba injiniya!"

"Thanki sipuma!" ndinakuwa. "Kwathu kuntchito thanki ikapuma, munthu ankachotsedwa tsiku lomwelo!"

"Uko mpweya unali kufuna kuchoka. Kuno ufuna kungena. Manje petulo ikachoka, pa malo pake pankhale chani? Pemphero?"

Choipa kwambiri n'chakuti ndinkadziwa. Tinaphunzira zimenezo ku sekondale, ndi chitini cha mkaka chimene sichitulutsa kanthu ukachiboola malo amodzi okha. Kabowo kaja ndinkafuna kumangitsa nako munthu kanali ndi ntchito yake. Ndipo amene ankandiphunzitsa anali munthu woti sukulu anaisiyira panjira. Magazi anandikwera kumutu, ndinaponya chimene chinali m'dzanja. Chinali sipanala. Yanga, imodzi yokhayo ya saizi imeneyo. Tonse awiri tinaiyang'ana ikumira.

"Milamba nayo izayamba kukonza mainjini," anatero mlamu, akupukuta maso.

Apo ndinaseka nanenso, chifukwa china chochita panalibe.

Tinapitirira chivundikiro chili chomasula, ine nditachigwira ndi chikhatho kuti chisagwe, petulo akundinyowetsa zala pa funde lililonse. Chimtengo chouma tinachidutsa. Mlamu anachivulira chipewa.

Kumsasa wa asodzi kumtunda kuja anandipatsa mpeni wotumbulira nsomba kuti ndidule kampata pa labala wa chivundikiro, mpweya uzilowera m'mazinga. Ndinakhala nawo mpeniwo nthawi yaitali. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akutseka mabowo, kuti aboole dala, dzanja limakana. Mlamu sanandithandize.

"Bwerani muone, imwe bantu! Ba injiniya ba ku mgodi aononga nchito yawo!"

Anabwera ndithu, ena nsomba zili m'manja. Ndinadula anthu asanu ndi mmodzi akuonerera, ndipo wina anaomba m'manja ngati ndabatizidwa. Pambuyo pake kunyumba ndinadzawotchererapo kapaipi kamkuwa kopindikira pansi, kuti mpweya uzilowa koma mvula isalowe, ndipo kameneko ndimakanyadirabe kuposa thanki yonse.

Tinaponya maukonde, tinavuula. Nsomba zinalidi kumeneko, milamba yonenepa yoti umodzi umaugwira ndi manja awiri. Pobwerera injini sinatsokomole ngakhale kamodzi. Doko litayamba kuoneka, mlamu anachepetsa moto, anathyola bango n'kuviika mu thanki. Analitulutsa, anayang'ana ponyowa. Petulo anali adakalimo ndithu. Ndinadikira kuti ayamike. Mbemba kuyamika wa kum'mawa, mungadikire mpaka Pasaka.

Anangosuntha pa mpando n'kundilozera chogwirira cha injini.

"Gwirani apa. Pa Chiwiri ndimwe muzatipereka, ine nizagona."

Ndinagwira. Palibe anandiuza kuti ukafuna kupita kumanja umakankhira kumanzere. Ntchito yanga yoyamba monga woyendetsa bwato inali kulilowetsa m'mabango mpaka pakati, asodzi onse a padoko akuona, ndipo tinalikankha tili m'madzi ofika m'chiuno, iye akuseka, ine ndikutukwana mabango.