Bambo anga ndi funso lachinayi

Bambo anga anagwira ntchito ya ukalaliki pa fakitale ya nsapato zaka makumi awiri ndi zitatu. Fakitale itatsekedwa, anayenda miyezi isanu ndi itatu, ofesi ndi ofesi, kufuna ntchito ina. Kulikonse yankho linali lomwelo: mwakula, madala. Tsiku lina anangosiya. Kuchokera pamenepo ankakhala pampando wa pawindo tsiku lonse, ndevu osameta, wailesi osatsegula. Amayi analankhula mpaka kutopa. Ine zinkandipweteka, komanso zinkandikwiyitsa, ndisaname.

Chimene chinkawadzutsa ndi homuweki yanga basi. Ndinali chaka choyamba ku koleji, ndipo Loweruka masana ndikayala mabuku pathebulo, iwo ankakoka mpando. Pa maakaunti, ee, munthu ankasanduka wina!

"Iwe, galimoto ya kampani ukuilemba mbali ya ngongole? Unaziona kuti zimenezo? Fufuta."

Mizere ankajambula ndi rula, manambala ooneka ngati otayipa. Mbali ziwiri zikafanana, ankagogoda pathebulo ndi pensulo kawiri.

Loweruka lina kunabwera mafunso a zachuma cha dziko. Funso lachinayi linati tipeze kuti mwa anthu zana alionse, ndi angati ali pa ulova. Anatipatsa magulu atatu: ogwira ntchito, ofuna ntchito, ndi ena mazana asanu amene anatopa n'kusiya kufunafuna. Bambo anaphatikiza mazana asanuwo ndi ofuna ntchito.

"Ayi bambo, amenewo sitiwawerenga," ndinatero ine ndi pakamwa pangapa. "Aphunzitsi anati munthu akasiya kufuna ntchito, sali m'gulu la ogwira, salinso m'gulu la malova. Timangowachotsa."

"Kuwachotsa n'kuwaika pati?"

"Palibe. Sawerengedwa basi."

Anayang'ana bukulo nthawi yaitali. Kenako anatenga labala, n'kufufuta okha mazana asanu aja pang'onopang'ono. Yankho linatuluka lolondola. Apo m'pamene ndinazindikira zimene ndinawauza bambo anga, ndipo manyazi anandigwira koopsa. Ndinkafuna kupepesa. Iwo anangoti, "Funso lachisanu likuti bwanji?"

Lolemba m'mawa ndinapeza amayi akusita malaya oyera a bambo, maso ali psuu. Bambo anatuluka seveni isanakwane, envulopu ya makalata ili m'khwapa, osatsanzika munthu.

Anabwerako dzuwa litapendeka, akutsimphina, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Palibe anafunsa kuti ayenda bwanji, nkhope inanena yokha. Amayi anawapatsa madzi, ndipo anamwa kapu yonse chiimire. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ntchito sindinaipeze, mwana wanga. Mawa ndipitanso. Koma funso lija likadzabwera pa mayeso, ine usandichotse."