Bowo la mpweya kuseri kwa chithunzi

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, ndinkagwira unamwino pa kachipatala kena kumunsi kwa phiri la Chongoni. Katemera tinkasunga mufiriji yoyendera gasi, m'kachipinda komwe ndinkalemberamo makadi a ana a sikelo. Kuseri kwa firijiyo kunkayaka kalawi usana ndi usiku. Zenera linali losatseguka, ndipo chitseko akuluakulu anati chizikhala chotseka, mphepo ya Juni ingazimitse lawi katemera n'kuwonongeka. Mpweya woipa unkatulukira pa bowo limodzi, pafupi ndi denga.

Tsiku lina anabwera atcheyamani a chipani, bambo wolima kachewere amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anapeza chithunzi cha Mtsogoleri chili m'munsi mwa bowolo. Lamulo linali lakuti pakhoma pasakhale kanthu pamwamba pa chithunzicho. Ine ndinkayesa amanena wotchi kapena kalendala. Ayi ndithu, nalonso bowo ndi kanthu. Anakwera okha patebulo, nakhoma msomali, chithunzi n'kutseka bowo lonse ngati chivindikiro.

Pasanathe sabata mutu unayamba kundiwawa, kenako nseru ndi chizungulire. Aliyense ankati ndi mimbayo. Bambo wobweretsa masilinda a gasi atafika anasuzumira kuseri kwa firiji.

"Anesi, lawi ili lizikhala labuluu," anatero. "Likafiira chonchi likusowa mpweya. Utsi wake sununkha, koma umapha. Bowo lanu lili pati?"

Ndinaloza ndi maso. Anayang'ana m'mwamba, natsokomola.

"Chakhala bwino zedi pamenepo," anatero, n'kukakwera galimoto.

Ndinkaopera mwana amene anali m'mimba. Komanso ndinkadziwa kuti wotsitsa chithunzi chija akaberekera kundende. Ine namwino mzimayi wamkulu, wophunzitsa anthu zaukhondo, ndinkangotuluka panja kukapuma ngati nkhuku yotentheredwa, n'kubwereranso. Masabata asanu ndi awiri anatha choncho, ndipo mpaka lero ndimadzikwiyira.

Atcheyamani anabweranso kudzaona ngati amayi a kusikelo ali ndi makadi a chipani. Atakweza maso anaona mwaye utadetsa galasi la chithunzi, kuyambira pachibwano mpaka pachipumi.

"Mayi, mukuwamba Mtsogoleri ndi utsi ngati nyama?"

Sindinaonepo ntchito yachangu chotero. Ola lisanathe chithunzi chinali pakhoma lina, makaniko wa firiji ataitanidwa kuchokera kuboma, lipoti litalembedwa. Galasilo ndinapukuta ndine ndi chitenje changa, ndikupepesa. Atcheyamani anandikhululukira pamaso pa anthu, amayi n'kuwomba m'manja. Za mutu wanga palibe anafunsa.

Mwana anabadwa wochepa thupi, ndipo anachedwa kuyenda ndi kuyankhula. Madokotala anati zimachitika. Kapena zimachitikadi. Pano ndi bambo wa imvi, amakhala ndi ine, ndipo mabatani a malaya ndimamumangira ndine.